Maphunziro a kujambula ni mahala pa foni, koma foni ni ya ndani?

Mwana wa mlongo wanga ku Lilanda ali ndi zaka 13. Mwezi watha anandionetsa cithunzi ca kondakita wa basi, theka la thupi lili kunja kwa citseko, ndalama za mapepala atazipinda pakati pa zala monga mwamene mumaonera m'mawa ulionse. Anacijambula kumbuyo kwa pepala la mayeso akale a masamu. Nditamufunsa amene anamuphunzitsa, anati: “Amalume, ni pa YouTube cabe. Vonse viliko, mahala.”

Liu lakuti mahala ndi limene landivutitsa kucokera tsiku lija. Inu amene mukuwerenga muli pa mpando wa kumbuyo, mudziwa kuti mu komboni cinthu ca mahala cimabwera ndi kamcira kake.

Coyamba ndivomere kuti mwanayo sananame. Maphunziro alikodi, ndipo ena ndi abwino kupambana zimene ife tinapeza pa sukulu. Pali Proko, pamene Stan Prokopenko wa ku America amaonetsa mojambulira mutu wa munthu kuyambira pa kampira, kenaka nsagwada, kenaka mzere wa maso. Pali Drawabox, kumene amakulamula kujambula mabokosi 250 ndi peni ya inki, osafufuta, kufikira dzanja litamvera. Khan Academy ili ndi maphunziro ochedwa Pixar in a Box, osonyeza mwamene makatuni amapangidwira. Ibis Paint X imaloleza mwana kujambula ndi cala pa galasi la foni. Zonsezi sizifuna fizi, sizifuna yunifomu, ndipo palibe wokufunsa satifiketi. M'masiku athu, mwana wokonda kujambula anali kukopa zithunzi za mu kalenda kapena kuimirira kumbuyo kwa wolemba zikwangwani pa msika kufikira atamupitikitsa.

Manje tiyeni tiwerenge mtengo wake.

Foni imene mwanayu amaphunzirirapo ndi ya amai ake. Mlongo wanga amagulitsa tomato, kapenta ndi mafuta opimitsa pa kantemba, ndipo foni yomweyo ndiyo banki yake, ndiyo imene makasitomala amatumirapo ndalama, ndiyonso ya gulu la cilimba pa WhatsApp. Imafika m'manja mwa mwana usiku, mbale zitatsukidwa, batire ili pafupi kufa. Phunziro la mphindi makumi awiri amalionera kawiri kapena katatu, cifukwa mphunzitsi akamba Cizungu ca ku America cothamanga, ndipo mwana atsatira dzanja kuposa mau. Kubwereza kulikonse kudya bundle. Tsiku lina bundle ya K10 imene amai ake anagula kuti agwirire nchito inatha usiku umodzi pa phunziro la kajambulidwe ka manja. M'mawa kunali nkhondo. Mlongo wanga ananditumira foni ya mnzake: “Imwe amalume bake, kambani naye mwana wanu. Vojambula sivigula unga.”

Sindinamutsutse. Amene amawerenga phindu la tsiku mu makoini ali ndi ufulu wofunsa funso limenelo.

Pali cina cimene ambiri sitiona. Mabundle ochipa kwambiri nthawi zambiri amakhala a Facebook, WhatsApp kapena TikTok, pamene kanema wautali wophunzitsa afuna bundle yotsegula zonse. Ndiye kuti mwana wa mu komboni apeza mosavuta tumakanema twa masekondi makumi atatu, twa munthu amene ayamba ndi pepala loyera ndipo mwadzidzidzi nkhope yatuluka. Tumeneto tumasangalatsa maso koma situphunzitsa. Phunziro lenileni, la mizere yokhotakhota ndi kulakwitsa, ndilo lodula. Mwana wa ku Kabulonga amene kunyumba kwao kuli Wi-Fi, kapena Starlink imene inalowa mu Zambia mu 2023, saganizako zimenezi. Onse awiri auzidwa kuti maphunziro ndi aulere.

Za malaiti sindidzatalikitsa, muzidziwa. Mu 2024 cilala citacepetsa madzi ku Kariba, makomboni ena anali kuona magetsi maola atatu cabe pa tsiku. Foni ikachajidwa pa kantemba ka sola, yolipira, palibe kholo limene lidzaipereka kwa mwana kuti aonere mzungu akusongola pensulo.

Koma mwanayu wacenjera kupambana ine. Anadzipezera yekha kuti akatsitsa kanema kufika pa 240p, bundle ikhalitsa, ngakhale cithunzi cioneka monga ca mu nkhungu. Akapeza mpata kwa mnzake amene mkulu wake ali ndi intaneti, asunga makanema mu foni kuti akaonere pambuyo. Aphunzitsi a pa intaneti akati gulani mapensulo a 2B ndi 6B ndi buku la mapepala olimba, iye atola makatoni pa shopu ndi kusankha malasha ofewa pa mbaula. Ndamuona akupaka mthunzi wa tsaya ndi cala, manja onse bii.

Cimene cinandikhudza kwambiri ndi ici. Miyezi yoyamba, nkhope zonse zimene anali kujambula zinali kutuluka za azungu: mphuno zosongoka, tsitsi logwa pa mapewa. Anayesa kujambula ambuye ake, cinatuluka cithunzi ca mayi wina wa ku London wovala duku. Sikuti analakwitsa phunziro. Analitsatira bwino lomwe, koma zitsanzo zambiri za m'maphunzirowo si nkhope za ku George kapena ku Matero. Mwamene kuwala kumagwera pa khungu lakuda, mwamene mukule umakhalira pa mutu, mwamene citenge cimapindikira m'ciuno mwa mayi wonyamula ndowa, anacita kuziphunzira yekha poyang'ana anthu pa pompi. Kondakita uja ndiye cithunzi coyamba cimene ndinaonapo Lilanda.

Ndipo apa ndi pamene intaneti ithera. Kanema sangayang'ane pepala lako ndi kukuuza kuti khutu walikweza kwambiri. Mwana afuna munthu wamkulu woona nchito yake. Atasowa, afunafuna pa Facebook, ndipo tidziwa amene amayankha msanga kamtsikana ka zaka 13 kakaika cithunzi. Anaikapo kamodzi pa akaunti ya amai ake. Mwa amene anayamikira munatuluka mwamuna wina wopempha nambala ndi cithunzi ca wojambulayo. Mwamwayi uthenga unafika foni ili m'manja mwa mlongo wanga. Makolo, ngati mwana aika zojambula zake pa intaneti, mauthenga aziwerengedwa ndi inu.

Henry Tayali, amene anasema The Graduate pa UNZA, anabadwira ku Serenje mu 1943 nakulira ku Bulawayo. Luso lake linaonedwa akali mnyamata ndi Alex Lambeth, wogwira nchito ku khonsolo ya mzindawo, ndipo ali ndi zaka 15 anaonetsa kale zithunzi zake kwa anthu. Pambuyo pake anakaphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf. Onani bwino: munthu wa ku khonsolo. Lero dzina la Tayali lili pa nyumba ya zaluso ku Showgrounds, kumene kuli Visual Arts Council. Kulinso Lechwe Trust Art Gallery ku Rhodes Park, ndi Lusaka National Museum pa Independence Avenue. Koma kucoka ku Lilanda kufika ku Showgrounds ndi mabasi awiri kupita, awiri kubwera, ndipo mwana sangapite yekha. Werengani ndalama ya basi ya anthu awiri. Zaluso za mu Lusaka zili kum'mawa kwa njanji, ana ambiri ali kumadzulo.

Boma linganene kuti lacitapo kanthu, ndipo n'zoona. Kucokera mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere, ndipo silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 ili ndi njira ya zaluso pakati pa njira za ku sekondale. Koma njira yolembedwa pa pepala ifuna mphunzitsi, utoto ndi cipinda. Pa sukulu ya mwana wathu, kalasi ndi yodzala kufikira pa citseko, ndipo wojambula m'buku amachedwa wosamvera.

Ndalama zili kuti? CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inali K36.1 miliyoni pa constituency imodzi. Tamangira makalasi, tagulira madesiki, talipirira acinyamata makosi a zamanja, zonse zofunika. Ine ndifunsa cabe kacinthu kakang'ono: cipinda cimodzi mu wadi, ca sola, Wi-Fi, matebulo, mapepala, ndi wojambula mmodzi wolipidwa kubwera pa Ciwelu. Ojambulawo sitifunika kuwaitana kutali. Amene analemba mitu ya mameto pa mababashopu a mu Lilanda, amene anajambula mapu a Zambia ndi cigaza ca munthu pa zipupa za masukulu a mkaka, akali moyo, ndipo ambiri nchito yawathera kucokera pamene mabanala osindikiza pa makina anachipa. Ali ndi dzanja, alibe makasitomala. Ana ali ndi YouTube, alibe wowayang'anira pepala.

Kwa mlongo wanga yankho langa linali la ndalama, cifukwa ndilo funso limene anafunsa. Kapepala koitanira anthu ku kitchen party, pulogalamu ya maliro, cizindikiro ca saluni, posita ya chalichi, mau a kumbuyo kwa basi imene mwakweramo: zonsezi alipo amene anazipanga ndipo analipidwa. Sindinamulonjeze kuti mwana wake adzakhala Tayali. Tinagwirizana cabe kuti bundle ya Sondo ndizigula ine, ndipo foni azimupatsa ola limodzi akabwera ku chalichi.

Sondo yatha ndinapita kukaona. Ndinamupeza pa khonde, katoni pa maondo, akujambula amai ake akupima mafuta. Mlongo wanga anali kudandaula kuti khosi lamuwawa, koma sanatembenuke kufikira mwana atamuuza kuti, “Manje mungayende, amai.”