Bwalo la zamasewero ndi labotale yokwanira

Ophunzira ambiri amaloweza mawu akuti anaerobic respiration kuti akhoze mayeso a Biology a MSCE, koma mukawafunsa chifukwa chomwe miyendo imawotchera munthu akathamanga kwambiri, amangoyang'anana. Kusukulu za kumudzi ngati yathu zipangizo za sayansi n'zosowa, choncho phunziroli ine ndimaliphunzitsira pabwalo. Ana amathamanga masekondi 30, kenako amawerenga kugunda kwa mtima ndi kapumidwe kawo, ndiye timayamba kufotokoza.

Minofu imagwira ntchito ndi mphamvu yochokera ku ATP. ATP yosungidwa m'minofu, pamodzi ndi phosphocreatine, imangokwanira masekondi pafupifupi 10 a liwiro la mtondo wadooka. Ikatha, thupi limadalira kwambiri glycolysis, komwe ndi kuphwanya shuga wa glucose. Shugayu amachokera ku nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga, ndipo amasungidwa m'minofu ndi m'chiwindi ngati glycogen.

Njira imeneyi ndi yachangu chifukwa siyidikira okosijeni, koma phindu lake ndi lochepa. Glucose mmodzi amapereka ATP ziwiri zokha, pomwe akaphwanyidwa mpaka kumapeto mothandizidwa ndi okosijeni amapereka pafupifupi 30. Ndimauza ana kuti glycolysis ili ngati moto wa mapesi: lawi lalikulu, koma losakhalitsa. Imathandiza kwambiri kuyambira masekondi 10 mpaka mphindi pafupifupi ziwiri. N'chifukwa chake mpikisano wa mamita 400 ndi wowawa. Wayde van Niekerk wa ku South Africa anauthamanga m'masekondi 43.03 ku Rio de Janeiro mu 2016, ndipo mbali yaikulu ya mphamvu zake inachokera m'njira yomweyi.

Pa liwiro lotere asidi amachuluka m'minofu, miyendo imawotcha ndi kulemera, ndipo thupi limapanga lactate wambiri. Ena amati lactate ndi amene amapweteketsa thupi mawa lake, koma si zoona. Lactate amachoka m'magazi pasanathe maola awiri. Mtima umamugwiritsa ntchito ngati chakudya, ndipo chiwindi chimamusandutsanso glucose, monga anafotokozera Carl ndi Gerty Cori, omwe analandira mphotho ya Nobel mu 1947. Kuphwanya kwa thupi kwa mawa lake kumabwera chifukwa cha timabala ting'onoting'ono ta m'minofu.

Aphunzitsi anzanga a zamasewero, mfundo izi zili ndi ntchito pa mpira wa miyendo ndi wa manja womwe. Mwana akathamanga mwamphamvu, mpatseni mphindi zingapo zopuma asanabwereze, ndipo aziyenda pang'onopang'ono m'malo mongogona pansi. Komanso tisafulumire kumunena ulesi mwana amene wafooka msanga. Ambiri amabwera kusukulu osadya kanthu, atayenda mtunda wautali, shuga wa m'thupi atachepa kale. Makolo, tsiku la masewero mwana asachoke pakhomo wopanda phala kapena mbatata m'mimba.