Makwinya a abambo aja

Lachiwiri lapitali, m'kalasi yathu ya madzulo yophunzira kujambula thupi la munthu kuno ku Manchester, mnyamata wina anandiyipitsa mtima. Wojambulidwa wa tsikulo atavula mkanjo n'kukhala pampando, tinaona kuti ndi bambo wachikulire, wa imvi, mimba itagwera pantchafu, chipsera cha opaleshoni chitatsika pakati pa chifuwa. Mnyamatayo anatsonya, n'kundinong'oneza kuti ndalama zake zalowa m'madzi, iye amayembekezera mtsikana wa sabata yatha uja.

Mtsikanayo ndikumukumbukira, ndipo kukongola anakongoladi. Koma titayala mapepala athu pansi tsiku limenelo, anthu khumi ndi anayi tinali titajambula munthu mmodzi yemwe sanalowe m'chipindamo. Phewa lake lakumanzere linali lotsikirako, koma analijambula choncho ndi anthu awiri okha. Ena tonse tinamuwongola. Khosi tinalitalikitsa, chiuno tinachichepetsa, mphuno tinaisongola. Ndi mmene kukongola kumachitira. Diso likangoti uyu ndi chiphadzuwa limasiya kuyang'ana, ndipo dzanja limayamba kukopera nkhope za pa Instagram zomwe zadzaza m'mutu. Ena amachita manyazi, maso ali papepala nthawi yonse ngati akuopa kugwidwa.

Abambo aja sanatipatse pothawira. Khungu lopindika pansi pa nkhwapa ulibe nalo chithunzi m'mutu, uyenera kuliyang'ana. Mitsempha yotukuka pamiyendo, bondo limodzi lotupa kuposa linzake, mmene kulemera konse kwa thupi kunatsamirira pachigongono chakumanja mpaka phewa kukwera kufika kukhutu. M'chipinda munangoti zii, kumveka makala okha akukwecha pepala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo usiku umenewo tinadekha mphindi makumi anayi, iwo osagwedezeka ngakhale chala. Ntchito imeneyi njowawa, miyendo imachita dzanzi, ndiye wina n'kumatsonya!

Lucian Freud, mmodzi wa ojambula otchuka a ku Britain, anazidziwa izi zoyang'ana thupi mmene lilili. Mu 1995 anajambula Sue Tilley, mayi wojintcha wogwira ntchito mu ofesi ya boma yothandiza ofuna ntchito ku London, atagona pasofa wopanda chovala. Sanachotsepo mnofu uliwonse. Mu 2008 chithunzicho chinagulidwa madola 33.6 miliyoni ku Christie's ku New York.

Chomwe chimandiwawa kwenikweni n'chakale. Mayi anga atamwalira, tinapita ndi chithunzi chawo kwa wojambula wina kuti achikulitse. Chinabwerako atachiyeretsa khungu, makwinya a pamphumi atafufuta, ngakhale mphini ziwiri za m'mbali mwa diso, zomwe agogo anawatemera ali mwana chifukwa cha mutu, zitapita. Iye ankati watikomera mtima. Chili pakhoma kumudzi mpaka lero, ndipo ndikachiyang'ana ndimaona mayi wa eni ake. Inu nomwe mukudziwa kuti zithunzi zotere zadzaza m'nyumba zathu, ndipo masiku ano foni imachita yokha musanaipemphe n'komwe.

Potuluka m'kalasi muja, abambo aja atavala jekete lawo, anayenda pang'onopang'ono kuyang'ana mapepala. Pa la mnyamata uja anaima nthawi yaitali. Linali ndi mutu ndi mapewa basi, kunsi konse kuli mbee.