Musagulitse ng'ombe musanafunse amene adzathandiza wodwala maganizo mu Lusaka

Cimanga ndi nshawa zikagulitsidwa, mabasi ocokera ku Lundazi, Chipata, Katete, Petauke ndi Nyimba sanyamula anthu okagula malata ndi njinga cabe. Pa mipando ina pamakhala mabanja amene akhala akudikira ndalama za zokolola kuti apereke m'bale wao wodwala maganizo ku Lusaka. Wina ndi mnyamata amene analeka kugona ndipo alankhula yekha usiku wonse. Wina ndi mai amene cibalire mwana sakudya, sakusamba, angokhala duu kuyang'ana cipupa. Winanso ndi bambo amene cilala ca 2024 cinamusiyira nkhongole ya feteleza, ndipo kucokera pamenepo mowa ndiwo wakhala nsima yake. Akatsika pa Intercity, onsewa akumana ndi funso limodzi: tipite kwa yani?

Ofuna kuyankha funso limeneli mu Lusaka ndi ambiri. Mzinda wa anthu oposa 2 miliyoni, monga kalembera wa 2022 anaonetsera, uli ndi madotolo enieni ndi opereka uphungu ophunzira bwino. Ulinso ndi akathyali amene adziwa kuti banja lothedwa nzeru silinenerera mtengo. Mapepala omatidwa pa mitengo ya magetsi alonjeza kuciritsa misala, kubweza mkazi wothawa ndi kukweza munthu pa nchito, zonse pa nambala imodzi ya foni. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali ena ovala masuti okongola amene adzicha akatswiri a maganizo, koma ukafunsa kumene anaphunzira ayamba kukamba zina. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ganizo la nyuzipepala ino ndi lakuti banja lili ndi ufulu, ndiponso udindo, wofunsa mafunso lisanapereke ngwee imodzi. Mlimi sagula ng'ombe yolimira asanaione mano ndi mayendedwe ake. Nanga ndi cifukwa ciani munthu yemweyo, akafika mu tauni, apereka mwana wake kwa mlendo mwamantha, cipewa cili m'manja, osafunsa kanthu?

Coyamba cimene tifuna awerengi athu amvetse ndi cakuti si aliyense wosokonezeka mutu amene afunika munthu wokamba naye. Malungo akalowa mu ubongo, matenda oumitsa khosi, cindoko cokhalitsa, kacilombo ka HIV kakafooketsa thupi, shuga ikatsika kwambiri, ngakhale kuleka mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene anazolowera kumwa tsiku ndi tsiku, zonsezi zikhoza kumucititsa munthu kubwebweta ndi kuona zinthu zimene palibe. Wotereyu afunika kupimidwa thupi ndi magazi tsiku lomwelo, apo ayi akhoza kufa banja likali kufunafuna katswiri wochuka. Ndiye cifukwa cake khomo loyamba likhale kiliniki kapena cipatala ca boma, makamaka ca kwanu komweko musanakwere basi. Ngati muli kale mu Lusaka, zipatala za m'makomboni a Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata zilipo, ndipo ndizo zimalemba kalata yotumiza wodwala patsogolo. Aliyense amene ayamba kuchula mtengo asanafunse ngati wodwala anapimidwa, mukaikireni.

Thupi likapezeka kuti lili bwino, m'pamene muyenera kudziwa kuti othandiza ali a mitundu yosiyana, ndipo nchito zao sizifanana. Psychiatrist ndi dotolo wa cipatala amene anapitiriza maphunziro a matenda a maganizo. Iye alemba mankhwala, ndipo ndiye woyenera kuona munthu amene akumva mau a anthu osaoneka, kapena amene akhala masiku osagona ali ndi mphamvu zodabwitsa ndi kumwaza ndalama. Madotolo amenewa ndi owerengeka m'dziko lathu, ndipo ambiri ali mu Lusaka. Amene asenza katundu wamkulu ndi ma clinical officer ndi manasi ophunzira za maganizo, ndipo musawapeputse, pakuti aona odwala otere tsiku lililonse. Psychologist salemba mankhwala. Nchito yake ndi kupima maganizo ndi kuciritsa mwa kukambirana, ndipo athandiza kwambiri pa cisoni cosatha, nkhawa, mantha otsalira munthu akagwiriridwa kapena akapulumuka pa ngozi. Palinso opereka uphungu. Ambiri a iwo anaphunzira nchitoyi pa nkhondo yolimbana ndi AIDS, kuyambira masiku amene Kara Counselling inatsegulidwa mu 1989, ndipo dziko liwayamika. Koma maphunziro a masabata ocepa samukonzekeretsa munthu kusamala wodwala misala. Wopereka uphungu woona mtima adziwa pamene nzeru zake zilekezera, ndipo adzakuuzani yekha kuti uyu mupite naye kwa dotolo.

Tinenepo za Chainama. Dzina limeneli talisandutsa citonzo: ana atukwanirana nalo, akulu asekera nalo pa mowa. Cifukwa ca manyazi amenewa, mabanja azungulira mzinda wonse kulipira anthu osadziwika, kuopa kuti kumudzi kungamveke kuti mwana wao anafika ku Chainama. Koma cipatala ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962, ndico cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'dziko muno, ndipo cili pa Great East Road, mseu womwewo umene basi yocokera kum'mawa idzera polowa mu mzinda. Sikuti aliyense wofika kumeneko agonekedwa. Ambiri aonana ndi dotolo, alandira mankhwala ndi tsiku lobweranso, nabwerera kunyumba. Mizere m'zipatala za boma imatalika, ndipo nthawi zina mankhwala ena amasowa, zimenezo sitibisa. Komabe kumeneko mudziwa kuti amene akuona wodwala wanu anaphunziradi nchitoyo.

Amene ali ndi ndalama ndipo afuna kupita kwa oyendetsa nchito paokha sanalakwe, cifukwa pakati pao pali akatswiri abwino, ndipo nthawi yokamba ndi wodwala amakhala nayo yambiri. Koma funsani pepala. Madotolo ndi ma clinical officer alembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo cilolezo cao cogwirira nchito cimakonzedwanso caka ndi caka. Bungwe lomweli lipereka laisensi kwa zipatala ndi makiliniki. Manasi ali ndi bungwe lao, Nursing and Midwifery Council of Zambia. Wopereka uphungu mufunseni kumene anaphunzira, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi bungwe limene limuyang'anira. Munthu wa cilungamo sakwiya ndi mafunso otere, kawirikawiri mapepala ake amakhala atapacikidwa kale pa cipupa. Wokwiya wakuyankhani kale. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pepala palokha silikwanira. Wodwala ndiye adzakhala m'cipinda ndi munthuyo, cotero mau ake amveke posankha. Agogo amene moyo wao wonse alankhula Cinsenga kapena Citumbuka sangatulutse za kumtima m'Cingerezi, ndipo ngati womasulira ndi mdzukulu wao, theka la nkhani lidzatsala m'khosi. Mtsikana wogwiriridwa mwina afuna kukamba ndi mkazi mnzake. Mkamwana sanganene cimene cimusowetsa tulo apongozi ali pa mpando wa pambali, makamaka ngati vuto lili m'nyumba momwemo. Wothandiza wodziwa nchito adzapempha acibale kuti ayambe atuluka, adzamva wodwala payekha, ndipo pambuyo pake adzakuitanani kuti mumve zimene muyenera kucita kunyumba. Musakhumudwe nazo. Musamukakamizenso kuti akuululireni zonse zimene wodwala wanena, cifukwa cinsinsi cikangotuluka kamodzi, wodwalayo sadzatsegulanso pakamwa.

Ulemu umenewu suli cifundo cabe ca wothandiza, uli m'malamulo. Kwa zaka zambiri dziko lino linayendera lamulo la atsamunda la 1949, limene linali kucha odwala maina onyoza. Mu 2017 Khoti Lalikulu mu Lusaka linagamula kuti mau amenewo atsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Mental Health Act m'malo mwa lamulo lakalelo. Wodwala maganizo ndi munthu wokhala ndi ufulu wake. Izi tizikumbukire makamaka pa nyumba zimene zisunga acinyamata ogwidwa ndi mowa, camba ndi mankhwala ozunguza bongo. Zina zili ndi madotolo ndi laisensi. Zina ndi mpanda wautali ndi alonda cabe. Musanasiye mwana wanu, pemphani kuona pamene adzagona ndi cimene adzadya, funsani dotolo amene amabwera ndi masiku ake, funsani ngati mudzaloledwa kudzamuona. Mukaona unyolo, zingwe kapena zipsera za cikoti, mutengeni mwana wanu mubwerere naye.

Pa mankhwala, wothandiza wabwino amanena zoona ngakhale zosakondweretsa. Mankhwala a cisoni cosatha, monga amitriptyline ndi fluoxetine, satha kuonetsa mphamvu m'masiku awiri. Pamapita masabata angapo. A misala, monga haloperidol ndi chlorpromazine, nthawi zina aumitsa thupi, anjenjemeretsa manja ndi kutulutsa dovu. Mabanja ambiri akaona izi aganiza kuti matenda akula, nataya mapilisi. Cofunika ndi kubwerera kwa amene anawalemba kuti acepetse mlingo, asinthe, kapena aonjezere mankhwala oletsa kuumako. Kuleka mwadzidzidzi ndiko kumabweza matenda. Cenjeraninso ndi amene angopereka mapilisi ogonetsa, monga diazepam, mwezi ndi mwezi osafunsa kanthu, cifukwa thupi limawazolowera. Ndipo wolonjeza kuti m'masiku atatu zonse zidzatha, malinga mulipire ndalama zonse lero, ameneyo akugulitsa mphepo.

Kuciritsa mwa kukambirana nakonso kuli ndi dongosolo lake. Sikuceza cabe ayi. Nthawi zambiri mukumana kamodzi pa sabata, pafupifupi ola limodzi, kwa masabata angapo, ndipo mumagwirizana cimene mufuna cisinthe: kugona, kudya, kubwerera kumunda, kuleka kumenya mkazi. Funsani pa tsiku loyamba kuti mudzakumana kangati, mtengo wa ulendo uliwonse, ndiponso ngati alandira khadi la NHIMA. Pakapita mwezi umodzi kapena iwiri popanda kusintha kulikonse, kapena wodwala akamaopa kupitako, kusintha wothandiza si mwano. Thandizo lina silifuna ofesi ya magalasi. Bungwe la StrongMinds, limene linayamba nchito mu Zambia mu 2019, lithandiza makamaka azimai ovutika ndi cisoni cosatha kupyolera m'magulu okumana sabata ndi sabata m'madera mwao.

Ambiri a inu ndinu anthu a mpingo, ndipo mudzafunsa za pemphero. Pempherani, ndipo ansembe, abusa ndi a m'mphakati apitirize kuyendera odwala, pakuti kusungulumwa kumakulitsa matendawa. Koma mipingo yomweyi ndiyo inamanga zipatala za St Francis ku Katete, Mwami, Minga ndi Nyanje, kusonyeza kuti makolo athu m'cikhulupiriro sanaone udani pakati pa pemphero ndi mankhwala. Mneneri wokuuzani kuti kumwa mapilisi ndi kusakhulupirira, kapena wosunga wodwala pa phiri masiku ambiri osadya, akuika moyo wa munthu pa ngozi. Cimodzimodzi ng'anga imene iyamba ndi kuchula dzina la mfiti. Banja limabwerako ndi wodwala yemweyo, kuonjezapo cidani ndi azakhali okalamba amene sanalakwe kanthu.

Cinthu cimene ambiri amaiwala ndi ulendo wobwerera. Mvula ikayandikira, woperekeza afuna kukakonza munda, ndipo m'bale wa ku Mtendere kapena ku Garden amene anakusungani m'cipinda cimodzi watopa. Matenda ena a maganizo afuna cithandizo ca miyezi kapena zaka. Cotero wothandiza woyenera mlimi ndi uyo amene aganizira za kumudzi kucokera pa tsiku loyamba: alembe dzina la matenda ndi la mankhwala momveka, alembe kalata yopita ku cipatala ca boma lanu kapena ku Chipata Central Hospital, asankhe mankhwala amene apezeka kumeneko, anenenso ngati mukhoza kumuimbira foni zinthu zikasintha. Katswiri amene mankhwala ake apezeka pa sitolo imodzi mu Lusaka adzakudyerani khola lonse.

Pali nthawi imene kusankha kulibe malo. Munthu akayamba kunena kuti watopa ndi moyo, kugawa katundu wake kapena kutsazika mosadziwika bwino, musadikire ndalama za thonje. Musamusiye yekha, tsekerani mankhwala opopera mbeu pamalo pamene sangafike, ndipo pitani naye ku cipatala ca pafupi tsiku lomwelo. Nambala za Lifeline Childline Zambia, 933 ya akulu ndi 116 ya ana, ndi zaulere.

Kwa Unduna wa Zaumoyo ndi Health Professions Council of Zambia tipempha kuti maina a malo ololedwa kusamala odwala maganizo alembedwe m'Cinyanja, apacikidwe pa makiliniki a kumidzi ndi pa Intercity, ndiponso aulutsidwe pa mawailesi amene alimi amamvera, monga Radio Maria ndi Breeze FM ku Chipata. Mlimi wa ku Vubwi sangafufuze za laisensi pa intaneti. Maparishi ndi mipingo ya mu Lusaka nayo isadikire boma. M'mipingo yambiri muli nasi kapena clinical officer amene amakhala pa benchi Sande lililonse. Komiti ya zaumoyo ikhale naye pansi, ilembe m'buku malo odalirika, masiku ao a kiliniki ndi mitengo yao, isankhenso anthu awiri okhoza kukumana ndi banja pa sitesheni ndi kuliperekeza pa ulendo woyamba. Mlembi wa parishi ya kumudzi akhale ndi nambala ya foni ya anthu awiriwo, kuti banja lisanyamuke lisanawaimbire.