Ana a ku Lobi aphunzire kuyeza mvula ndi mpweya ndi manja awo

M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kumwera. Patangopita chaka chimodzi, mu Marichi 2024, boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino agwa m'ngozi ya chilala kaamba ka mphepo ya El Niño. Chiyambire pamenepo, mawu akuti chenjezo sachoka pakamwa pa atsogoleri, ndipo bungwe la United Nations lidalonjeza kale mu 2022 kuti pofika 2027 munthu aliyense pa dziko lapansi azilandira chenjezo ngozi za nyengo zisanagwe. Lonjezoli ndi labwino. Koma tisaiwale kuti chenjezo lililonse limayambira pa nambala imene munthu wina adaiwerenga pa chipangizo ndi kuilemba mokhulupirika. Tsono funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi ku Lobi nambala imeneyi aiwerenge ndani?

Dera la Lobi, m'boma la Dedza, limadziwika ndi ulimi wa m'madimba: kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi zipatso. Alimi a kumeneko amadziwa kuti m'dziko la mapiri mvula imasankha. Imagwa tsidya lino la mtsinje, tsidya linalo fumbi lili kobo. Nthambi ya boma yoona zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre, ili ndi malo oyezera nyengo pa boma la Dedza, koma zimene zayezedwa pa bomapo sizinganene za dimba lililonse la ku Lobi. Mpata umenewu angathe kuutseka ndi ana a sukulu, ngati titawaphunzitsa.

Kunena zoona, phunziroli lilipo kale. M'maphunziro a Jogalafe ana amamva za chipangizo choyezera mvula, choyezera kutentha, choyezera chinyontho cha mumpweya ndi choonetsa kumene mphepo ikuchokera. Vuto ndi lakuti ambiri amazidziwira pa bolodi ndi m'buku basi. Amazijambula, amaziloweza, amakhoza mayeso, koma sadazigwirepo. Chonsecho chipangizo choyezera mvula ndi chinthu chapafupi: chitini chokhala ndi fanulo pakamwa, choimikidwa pa mtetete kutali ndi mitengo ndi madenga, ndipo madzi ake amayezedwa m'mawa uliwonse nthawi ya 8 koloko. Milimita imodzi ya mvula ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Pa hekitala imodzi, amenewo ndi malita 10,000. Mwana amene wawerengera yekha zimenezi sadzaonanso masamu ngati chilango.

Choyezera kutentha nachonso chili ndi mwambo wake. Sachiika pa dzuwa, koma m'kabokosi koyera ka timipata tolowetsa mphepo, kokwezedwa kuposa mita imodzi kuchokera pansi, ndipo kuno kumwera kwa dziko lapansi chitseko chake chimapenya kumwera kuti dzuwa lisawombe m'kati pochitsekula. Malamulo otere amaphunzitsa mwana kuti nambala yopezeka mosasamala ndi bodza lovala bwino.

Phindu lake kwa mlimi ndi loonekeratu. Mbewu ndi feteleza zakwera mtengo kotero kuti kubzala ndi mvula yonyenga, imene imangonyowetsa pamwamba ndi kudula, kumagwetsa banja lonse m'ngongole. Chiwawu cha kachewere ndi tomato chimakonda nyengo yozizira ndi yachinyontho, ndipo mlimi amene akudziwa kuti masiku otere atsatizana amathira mankhwala pa nthawi yake m'malo momwaza ndalama mwachimbulimbuli. Sukulu imene yalemba mvula ndi kuzizira kwa zaka khumi imakhala ndi chuma chimene ngakhale mlangizi wa zaulimi angabwere kudzabwereka.

Mbali yachiwiri, imene sitiikamba kawirikawiri, ndi ya mpweya umene timapuma. Ambiri timaganiza kuti mpweya woipa ndi nkhani ya m'mizinda ya mafakitale. Koma kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Mu utsi muli tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo timalowa mpaka m'kati mwenimweni mwa mapapo. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidati pa tsiku tinthu timeneti tisapitirire mamaikulogalamu 15 mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse. Khitchini yophikira pa mafuwa atatu imapyola muyezo umenewu kambirimbiri. Bungwe lomweli lidawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba udapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse. Kuno ku Dedza, kumene Juni ndi Julayi amazizira kwambiri, pali ngozi inanso: mbaula ya makala m'nyumba yotseka imatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo kapena mtundu, umene umapha munthu ali m'tulo. Onjezanipo lupsa la m'chilimwe ndi mauvuni a njerwa.

Chifukwa chake kuyeza kuli kofunika tidachiona m'dziko mwathu momwe muno. Ku Chikwawa ndi ku Karonga kudachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, wokhudza ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena adapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ena adapitiriza kuphika monga mwa kale. Anthu ambiri ankayembekeza kuti chibayo chichepa pakati pa ana a m'mabanja olandira mbaula. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017, zidaonetsa kuti panalibe kusiyana kwenikweni. Mwana amapuma utsi wa kwa anansi, wa zinyalala zootchedwa ndi wa kumunda, osati wa khitchini ya amayi ake yokha. Mbaula zosunga nkhuni monga Chitetezo zili ndi ubwino wake, koma phunziro ndi lakuti cholinga chabwino sichilowa m'malo mwa muyezo.

Masiku ano kuli tizipangizo totsika mtengo toyezera utsi, timene timawerenga tinthu tija pogwiritsa ntchito kuwala. Sukulu ya ukachenjede ya Makerere ku Uganda imapanga yokha zipangizo zotere pansi pa ntchito yotchedwa AirQo. Bungwe la TAHMO nalonso laika zipangizo zambiri zoyezera nyengo m'masukulu a m'maiko a mu Africa, poona kuti pa sukulu pali chitetezo, mphunzitsi ndi ana ofuna kudziwa. Komabe tizipangizoti timanyengeka ndi nkhungu, poti timadontho ta madzi timatiwerenga ngati utsi. Mwana wa ku Lobi, amene amadzuka m'nkhungu, ayenera kuphunzira kukayikira chipangizo chake ndi kuchiyerekeza ndi china. Sayansi yeniyeni ndi imeneyo.

Ena adzati sukulu zathu zikusowa madesiki, mabuku ndi nyumba za aphunzitsi, ndiye zoyezera mphepo n'zachiyani? Dandauloli ndi lomveka. Palinso mavuto ena: mbala zimazula mapanelo a sola, mabatire amatha, mphunzitsi wodziwa amasamutsidwa, ndipo tchuthi cha Khrisimasi chimagwa pakati penipeni pa dzinja, pamene kulemba mvula kuli kofunika koposa. Taona ntchito zambiri zachitukuko zikufa tsiku limene galimoto ya opereka thandizo yanyamuka. Nchifukwa chake tikuti tiyambe ndi zapafupi: choyezera mvula, choyezera kutentha ndi kope lolimba. Izi sizifuna magetsi kapena intaneti. Zimafuna khama ndi chilungamo, kuti tsiku limene sitinayeze tisiye mpata m'kope m'malo mopeka nambala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti ntchitoyi ikhale ndi moyo, nambala za ana zisathere m'kabati ya ahedi. Nthambi ya zanyengo iphunzitse aphunzitsi, iyendere zipangizo ndipo ilandire zolembazo mwezi ndi mwezi. Alangizi a zaulimi a ku Lobi azizigwiritsa ntchito pa misonkhano ya alimi. Makomiti a sukulu ndi mafumu agwirizane za woyeza pa tchuthi. Sukulu za Mpingo, zimene zili ndi mbiri ya kusunga mwambo, zitsogolere, pokumbukira kuti Papa Fransisko m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 adatchula utsi wophikira pakati pa zinthu zimene zimadwalitsa amphawi. Ndipo mwana amene waikonda ntchitoyi auzidwe kuti njira ilipo: sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo, imene idatsekulidwa mu 2014, imaphunzitsa sayansi ya zanyengo.

Makolo athu ankawerenga mitambo, mphepo ndi kuphuka kwa mitengo, ndipo nzeru imeneyo siyenera kutayidwa. Koma nyengo yasintha, zizindikiro zakale zayamba kuphonya. M'mera m'poyamba: dzinja likubwerali, sukulu iliyonse ya ku Lobi iimike choyezera mvula pa bwalo lake, ndipo m'mawa uliwonse pakhale mwana wochiwerenga ndi kulemba zoona.