ZA PAMSIKA: Kathumba kogonera khanda sikagulidwa kuti "adzakuliramo"

Sabata ino andale tiwasiye kaye apume. Tikambe za bwana uja amene savota koma amalamula nyumba yonse: khanda la masabata awiri lomwe likati lilire pakati pa usiku, ngakhale a landilodi amadzuka.

Inu ogulitsa kaunjika wa ana mwazionapo izi. Mukamasula belo mumapezamo tizovala tina tooneka ngati diresi yopanda manja, koma tosokedwa kunsi, tili ndi zipi kutsogolo kapena m'mbali. Ndamvapo wina akuitanira kuti "ovolosi ya bebi iyi, mayi!" pamene mnzake ankati ndi chikwama cha matewera. Ayi ndithu. Kameneko ndi kathumba kogonera khanda, eni ake amati sleeping bag. Popeza ogulitsa ndinu, ogulanso ndi alongo anu omwe, ndi bwino tidziwe ntchito yake, pakuti safunsa anadya phula.

Tiyambire pa zomwe tikuzidziwa kale. Kukulunga khanda m'nsalu si nzeru yobwera ndi ndege, agogo athu ankachita. Mwana wakhala miyezi 9 pamalo pothina, pofunda. Akabadwa, akangomva kaphokoso kapena mukamutsitsa msanga, amatambasula manja ngati akugwa mu mtengo, n'kudzidzutsa yekha. Dokotala wa ana Ernst Moro analemba za kudzidzimuka kumeneku mu 1918, ndipo mpaka lero kumatchedwa ndi dzina lake. Si matenda, kumatha kokha pakati pa miyezi 3 ndi 6. Mukamukulunga, timanja sitiuluka, tulo timabwera, nanunso mayi mumaonako tulo musanalawirire kokaoda.

Koma abale, kukulunga kwathu kwina kumaopsa. Mwezi wa October, nyumba yamalata, dzuwa likuswa mtengo, khanda lavala vesiti, juzi, masokosi ndi chipewa chaubweya. Pamwamba pake chitenje, kenaka shawelo, kenaka bulangete, nkhope osaoneka. Ukafunsa, akuti "mphepo ingamulowe". Mphepo yake iti, inu?

Pali imfa ina imene imatenga makanda ali m'tulo, mwana woti dzulo amayamwa bwinobwino. Imagwira ana osakwana chaka, makamaka a miyezi 2 mpaka 4. Kuno ikachitika timathamangira kuloza chala apongozi kapena woyandikana naye benchi kuti walodza, mabanja n'kudana mpaka kalekale. Madokotala anapeza kuti zomwe zimakulitsa ngoziyi ndi kugoneka mwana chafufumimba, kumufunditsa mopyola muyeso, kumuphimba kumaso, ndi utsi wa fodya. Ku Netherlands anayamba kulalikira zogoneka ana chagada mu 1987. Ku Britain, mayi wina wotchuka pa TV, Anne Diamond, anataya mwana wake wa miyezi inayi mu 1991, ndipo anagwirizana ndi boma kufalitsa uthenga womwewo. M'zaka zochepa chabe imfa zotere zinatsika kupitirira theka. Panalibe mankhwala, panalibe jakisoni. Anangotembenuza ana kuti aziyang'ana kudenga.

Ndiye ngati mukukulunga, gwirani izi. Nsalu ikhale imodzi, yopyapyala. Chitenje chakale chofewa chikukwana. Ithere m'mapewa, isafike kukamwa kapena kumphuno. Pachifuwa pasamangike ngati mtolo wa nkhuni: zala zanu ziwiri kapena zitatu zizitha kulowa pakati pa nsalu ndi chifuwa. Mwana wokulungidwa agone chagada basi, osati cham'mbali, chifukwa akagubuduka n'kugwa chafufumimba manja ali omangidwa, alibe chodzikankhira kuti apeze mpweya. N'chifukwa chake tsiku lomwe mwaona kuti wayamba kuyesa kutembenuka, kukulunga kwathera pomwepo. Ambiri amayamba pa miyezi 3 kapena 4, ena ngakhale pa iwiri. Osadikira kuti atembenukiretu.

Nkhani ya miyendo ndiyo yandisangalatsa ine. Mfundo ya m'chiuno mwa khanda imakhala yanthete. Mukaongola timiyendo n'kutimanga pamodzi ngati mzimbe, fupa la ntchafu likhoza kuchoka m'malo mwake, mwana n'kudzakula akutsimphina. Ku Japan vutoli linali lalikulu mpaka pamene madokotala anayamba kuletsa kamangidwe kotere cha m'ma 1975, ndipo linachepa kwambiri. Kuno kwathu, madokotala a mafupa a pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre anaunika mabuku a ana oposa 40,000 omwe anawaona m'zaka khumi, ndipo mu 2015 analemba kuti vutoli silioneka pakati pa makanda athu. Iwo akuganiza kuti chinsinsi chake ndi mbereko: mwana kumbuyo amakhala atatangadza miyendo ngati chule, ndipo umo ndi momwe chiuno chimafunira. Mwaonatu, chitenje chathu chikuphunzitsa azungu. Tsono tisataye mwayiwu potengera zithunzi za pa Facebook zoonetsa mwana atamangidwa gwa ngati ndudu. Kumtunda kugwire, kunsi kukhale kotakasuka kuti azipinda mawondo.

Tibwerere ku kathumba kathu ka m'belo. Ubwino wake ndi woti mwana amakavala, sakafunda. Sangakakankhe n'kugona pambalambanda, komanso sikangakwere kumaso ngati bulangete. Manja amakhala panja, ndiye kamagwirabe ntchito ngakhale atayamba kutembenuka. Koma zonsezi zimatheka ngati kathumbako kakumukwana.

Apa ndi pomwe ine ndi inu tikangane pang'ono. Ife Amalawi tili ndi mawu amodzi pogula chovala cha mwana: "Tengani chachikulupo, adzakuliramo." Pa yunifolomu ya sukulu, palibe mlandu. Pa nsapato, ikani nyuzipepala kutsogolo. Koma pa kathumba aka, "adzakuliramo" akhoza kukhala maliro. Khosi likakhala lalikulu, khanda limatsetserekera m'kati, mutu n'kulowa m'thumba, n'kubanika inu muli mkonono. Musanalipire, tsekani zipi ndi mabatani onse, muone ngati mutu wa mwana ungadutse pakhosipo. Ukadutsa, kasiyeni. M'khwapa namonso musachite kukhala mpata wolowa chibakera.

Werengani kapepala kosokerera m'kati. Pamakhala miyezi kapena makilogalamu a mwana, ndipo timatumba tambiri timayambira pa makilogalamu 4. Pamakhalanso mawu oti tog ndi nambala, yomwe ikunena kufunda kwake. 0.5 kapena 1 ndi ka nyengo yotentha. 2.5 anakapangira chipinda chozizira madigiri 16 mpaka 20, ngati usiku wa June ndi July ku Dedza kapena ku Mzuzu. 3.5 ndi ka chisanu cha ku Ulaya. Kumuveka mwana kameneko ku Nsanje kapena ku Salima kuli ngati kumuika mu uvuni wa masikono. Kathumba ndiko bulangete lake, osaonjezeranso lina pamwamba. Kokhala ndi chipewa chosokerera, kothothoka mabatani, ka zipi yakufa kapena ka zingwe m'khosi, ayi. Palinso tina tomwe anaikamo timikanda tolemera pachifuwa ati mwana azimva ngati wagwiridwa. Bungwe la madokotala a ana ku America linachenjeza mu 2022 kuti timeneti tisagwiritsidwe ntchito. Ndipo kaunjika aliyense achapidwe kaye, aume padzuwa.

Sindikunena kuti kuzizira si mdani. Khanda lobadwa masiku osakwana, kapena losafika makilogalamu awiri ndi theka, limazizidwa msanga ndipo likhoza kufa nako. Koma lotereli mankhwala ake si thumba, ndi chifuwa cha mayi kapena bambo, khungu kukhudza khungu, kachipewa kumutu, monga anamwino amaphunzitsira. Njira ya kangaroo imeneyi inayambira ku Bogotá, dziko la Colombia, mu 1978, ndipo kuno inayamba pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999.

Kuti mudziwe ngati mwana watenthedwa, musagwire timanja kapena timapazi, timeneto timazizira kale. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Mukapeza thukuta, chotsani chovala chimodzi. Ngati thupi latentha, akukana bere kapena akupuma mothamanga, musamukulunge, thamangani kuchipatala. Ndipo tulo tisakunamizeni: khanda la masiku oyamba liyenera kuyamwa ka 8 mpaka ka 12 usana ndi usiku. Likagona mopitirira, lidzutseni liyamwe.

Inu amayi a tomato ndi usipa amene mwana amaswera nanu pamsika, pomugoneka pakhale posalala, polimba, pamthunzi, pomwe diso lanu likufika. Osati pathumba la ufa, osati pamulu wa zovala, osati pafupi ndi mbaula ya achipisi. Usiku ngati mukugona naye pamphasa kapena pabedi limodzi, musamukulunge, ndipo pilo ndi bulangete lanu zitalikire nkhope yake. Neti ya udzudzu ikhale yokunga bwino. Abambo mukabwera mutalawa, kagoneni poteropo. Munthu woledzera samva kuti wapsinja mwana.

Kwa inu a kaunjika, pempho langa ndi limodzi. Mayi akabwera ndi khanda la mwezi umodzi n'kuloza kathumba ka mwana wa chaka, muuzeni zoona ngakhale ndalamayo mukuifuna. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kasitomala amene mwamuuza zoona lero adzabweranso kudzagula ka saizi yotsatira, kenaka kabudula, kenaka juzi ya kusukulu.

Malonda abwino nonse. Tionana sabata yamawa.