Za Kumsika: Kulipira ndiwo zisanamere

Amayi ndi abambo a kumsika, sabata ino tikambe za dimba.

Nonse mukudziwa mmene zimakhalira. Mu Ogasiti ndi Seputembala tomato amachuluka mpaka kuwolera pa Kamwendo, mlimi n'kumakuchondererani kuti mungotengako. Ikafika Febuluwale, dengu lomwe lija mumakanganirana. Mlimi amalira chilimwe, inu mumalira dzinja.

Pano pa Mchinji Boma ife mabanja 6, atatu mwa ife amalonda a masamba, tinagwirizana ndi bambo wina wa dimba lake m'mbali mwa mtsinje wa Bua. Timasonkha ndalama asanafese, iye n'kugula mbewu, feteleza ndi mankhwala. Loweruka lililonse amabwera pa njinga, timagawana zimene dimba labereka. Zikachuluka, tonse tasimba lokoma. Zikakanika, tonse tapirira.

Ena mukuti, "Aaa, si katapila ameneyo?" Ayi ndithu. Wakatapila amafuna ndalama yake ndi chiwongoladzanja, kaya kwagwa matalala kaya mbozi zadya. Komanso si zija mumachita ena, zogula munda wonse wa mbatatesi pa mtengo wolira chifukwa mwana wa mlimi wathamangitsidwa fizi. Ife tinakhala pansi n'kumvana kuti phindu n'logawana, tsoka n'logawananso.

Nzeruyi si yachilendo. Ku Japan amayi a m'tauni anayamba mgwirizano wotere ndi alimi m'zaka za m'ma 1970, amautcha teikei, ndipo ku America unayamba mu 1986. Kwathu kuno chifukwa chake n'choonekeratu: kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wa dimba ambiri analephera kugula ngakhale feteleza wa pa mbale.

Koma musaganize kuti n'zophweka. Simusankha ndiwo. Sabata ina ndi mpiru, yotsatira mpiru womwewo, ana kunyumba mpaka kunyinyirika. Nthawi ya mvula kumabwera bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani, zimene ena mumati n'zakumudzi (chonsecho mukapita kusikelo anamwino amakuuzani zomwezo). Zotsala amayi amafutsa, mfutso n'kudzatithandiza mu Okutobala.

Vuto lalikulu ndi lole. Ogula a ku Lilongwe ndi a ku Chipata akafika pa dimba ndi ndalama m'manja, mtima wa mlimi umagwedezeka. Wathuyu zinamuchitikira kamodzi. Kabichi yense anakwera lole, ife Loweruka limenelo tinalandira moni basi. Sitinapite kupolisi. Tinakakhala kwa a mfumu, mlimi anavomera kubweza pa zokolola zotsatira, ndipo kuyambira pamenepo zonse timalemba mu kope, mboni ziwiri n'kusainira.

Inu opikula tomato, yesani ndi mlimi mmodzi yemwe mukudziwa kwawo, ndalama yochepa kaye. Mufunseni ngati chitsime chake chimafika Okutobala chisanaphwe, ndipo mukachione ndi maso anu musanatulutse ndalama pa mpango.