Foni isamalowetse mlendo amene sananene odi

M'makomboni a m'mafamu a ku Darwendale, m'boma la Zvimba, nyimbo zambiri siziyenda pa intaneti. Deta ya Econet kapena NetOne ndi yodula kwa munthu amene malipiro ake amathera pa ufa, sopo ndi fizi ya ana. Choncho anthu amangoyandikizanitsa mafoni: uyu wayatsa Bluetooth, uyo watsegula SHAREit kapena Xender, ndipo nyimbo za Alick Macheso, ulaliki wa abusa ndi kanema wa gule wamkulu zimachoka m'thumba ili kulowa m'thumba ilo popanda kulipira kalikonse. Ngakhale mu Januwale 2019, boma la Zimbabwe litatseka intaneti, njira iyi inalibe woitseka. Kwa adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzalima fodya kuno, ndi njira yofunika, ndipo sindifuna kuti ithe.

Chimene chimandikwiyitsa ndi mphwayi ya olemba mapulogalamu pa nkhani ya amene akufuna kulowa m'foni ya mnzake. Kwathu mlendo amaima pabwalo, nkunena odi, nkutchula kuti ndi ndani, ndipo akauzidwa kuti eni ake kulibe amabwerera. Foni sichita zimenezo. Mayi ali pa mzere wa kuchigayo, foni yake yalira, pa sikirini pabwera mawu awiri a Chingerezi, “Accept” ndi “Decline”, pamwamba pake dzina la mtundu wa foni, itel kapena Tecno. Nanga pa komboni pali ma itel angati? Bluetooth imafika mamita pafupifupi 10, ndiye wotumizayo akhoza kukhala mwana wake kapena mnyamata wamwano amene wayedzamira khoma la golosale. Mayiyo akadina molakwika, chithunzi cholaula nkugwera m'foni imene madzulo ake bambo ndi ana adzaigwira, mlandu umakhala wake. Amene anakonza batani losalongosoka uja palibe amamufunsa.

Vutoli si ladzulo ayi. Mu 2004 kachilombo ka Cabir kankafalikira pa Bluetooth m'mafoni a Nokia a Symbian. Nzeru yake inali kukakamira basi: ukakana, pempho limabweranso, mpaka munthu atatopa nkuvomera. Mu 2017 kampani ya Armis inaulula BlueBorne, mpata wolowera m'foni mwini wake osadina chilichonse, bola Bluetooth ikhale yoyaka. Mu Febuluwale 2021 Trend Micro inalengeza kuti SHAREit ya pa Android inali ndi ming'alu imene mapulogalamu oipa akanadzerapo. Makampani amakonza zotere ndi zigamba zimene foni imayenera kukoka pa intaneti, koma foni yakale, yogula kwa mnzako, yopanda deta, chigambacho ichipeza kuti?

Ena amati anthu aphunzitsidwe kusamala. Ndikukana kuti katundu yense asenzetsedwe wogwira ntchito m'munda. Ndi Android yemweyo amene kwa zaka, kufikira Android 12 mu 2021, ankafuna kuti pulogalamu yofufuza mafoni apafupi ipemphe chilolezo chodziwa malo amene uli. Munthu akufuna nyimbo, akufunsidwa za malo, sakumvetsa, angovomera. Chizolowezi chovomera chilichonse anachibzala ndi olemba mapulogalamu omwewo.

Komanso njira yabwino amaidziwa. Chakumapeto kwa 2022 Apple inasintha AirDrop kuti foni izionekera kwa aliyense kwa mphindi 10 zokha, kenako nkubisikanso. Quick Share ya Google ndi Samsung imalola kusankha kuti akuone ndi anthu okhawo amene uli ndi manambala awo. Zimenezi zisakhale zobisika mkati mwa ma settings. Foni iliyonse izichoka m'sitolo ili yobisika, mwini wake aziiyatsa yekha, nayo izizima yokha. Pempho lizionetsa kuti chikubweracho ndi nyimbo, chithunzi kapena pulogalamu, ndi kukula kwake, chifukwa fayilo ya APK imaika pulogalamu m'foni ndipo siyenera kulandiridwa ngati nyimbo. Ndipo amene wakanidwa kamodzi asapatsidwe mpata wogogodanso.

Chomaliza ndi chinenero. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazindikira zinenero 16, ndipo Chichewa chili m'gulumo. Lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021 linapatsa bungwe loyang'anira zamtokoma la POTRAZ udindo woteteza zinsinsi za anthu, ndipo POTRAZ yomweyo ndi imene imavomereza zipangizo zamtokoma zolowa m'dziko. Iuze ogulitsa mafoni kuti pempho lolumikiza foni ndi foni lizilembedwa m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa, ndipo foni imene siinatero isapatsidwe chiphaso.